A Guluu ndi Mlandu wa Mvula

Mulaibulale yathu munthu sankafa ndi mvula. Ndikunenetsa. Nthawi yonse imene a Guluu anali moyo, mukanatha kutenga buku lililonse la nkhani zopeka pashelefu, n'kuliwerenga mpaka kumapeto, osapezamo ngakhale munthu mmodzi woti wavumbwa lero, mawa n'kuyamba kutsokomola, mkuja n'kutsikira kuli chete. Anthu a m'mabukumo ankafa ndithu, ena ndi njoka, ena ndi chikondi, ambiri ndi lole, koma mvula yokha a Guluu anailetsa kupha.

Ine ndimagwira ntchito pakauntala, kubwereketsa mabuku ndi kudinda tsiku lobweza, ndiye iwo ankanditchula kuti a Chidindo. Iwo yawo inali yokonza mabuku ong'ambika, m'kachipinda ka kuseri kamene kale kanali kosungiramo matsache. Dzina la Guluu simungachite kufunsa kumene linachokera. Fungo ndi limene linkayamba kufika eniake asanatulukire, ndipo ukawapatsa moni wa padzanja unkachita kudzimatula. M'kachipindamo munali tebulo limodzi, singano ndi ulusi, mpeni wa chigwiriro chomangidwa ndi waya, njerwa ziwiri zokulunga m'nsalu zopsinjira mabuku, ndi makina otayipira akalekale amene akayamba kulira, owerenga onse ankadzutsa mitu.

Buku likabwera kuti alisoke, ankayamba aliwerenga kaye lonse. Ndiye unkangomva kuseri kuja mpando ukukhuluzika.

"A Chidindo, tabwerani mudzaone ulesi!"

Ndinkapita, chifukwa ukapanda kupita ankabwera nalo okha pakauntala, anthu ali pamzere.

"Taonani apa. Tsamba 84, mtsikana wakanidwa ndi mnyamata, watuluka panja osavala juzi, mvula yayamba. Tsamba 90, akutsokomola. Tsamba 102, akugawa ndolo zake kwa azing'ono ake. Kodi mvula imeneyi ndi madzi kapena ndi mankhwala a makoswe?"

"Ndi nkhani chabe, a Guluu."

"Nkhani chabe! Mlembi akatopa naye munthu, wasowa komutaya, amangotsekula mpopi wakumwamba basi. Nanga alimi bwanji sanathe psiti? Nanga omanga nyumba? Nanga abakha?"

Akatero ankanola mpeni uja. Tsamba lolakwalo ankalidula bwinobwino, n'kusiya kamphepete komatirapo. Kenako ankatayipa lawo, n'kulipaka tiyi wozizira kuti lifiire ngati anzake, n'kuliyanika pawindo, n'kulimata. Dzanja linalipo, zimenezo ngakhale adani awo sankakana. Patsamba latsopanolo mtsikana uja ankafika kunyumba, kudzipukuta ndi thaulo, kusintha zovala, mawa lake n'kudzuka ali gwa. Vuto linali lakuti mutu wotsatira unkayamba ndi maliro ake, ndipo a Guluu analibe nthawi yotayipa buku lonse. Apa ndi pamene pankalowera lole.

Musanaseke kwambiri, ndikuuzeni chimene tonse tinkachidziwa koma osachitchula iwo ali pafupi. A Guluu anali ndi mkazi, telala wa madiresi, ndipo m'nyumba mwawo munali ambulera imodzi. M'mawa wina kukugwa mvula, a Guluu anali ndi mabuku anayi amene anakawasokera kunyumba, ndiye ambulera ija anatenga ndi iwo. Akuti anachita kunena moseka kuti munthu akanyowa amauma, koma buku likanyowa lapita. Mayiwo anayenda wapansi kukapereka diresi kwa mwini wake, anavumbwa popita ndi pobwera. Patatha masiku atatu anagona, madokotala anati ndi chibayo, ndipo tsiku lachisanu ndi chinayi anatisiya. Pamaliro, mkulu wawo wa malemuwo analoza chala a Guluu anthu onse akuona, nati, "Alamu, m'bale wangayu mwamupha ndinu ndi ambulera yanuyo."

Kuyambira tsiku limenelo a Guluu anali pamlandu. Ngati mvula imapha, ndiye kuti mkazi wawo anamupha ndi iwo. Ngati siipha, ndiye kuti alibe mlandu. Nkhani yonse inali imeneyo, ndipo mlembi aliyense wopha munthu ndi mvula ankamuona ngati mboni imene yabwera kudzawanamizira.

Woyamba kudzadandaula amene ndikumukumbukira anali mayi wa saluni ya kuseri kwa msika. Analowa ali wefuwefu, n'kuponya buku pakauntala panga.

"Achemwali, bukuli mwalichita chiyani?"

"Latani mayi?"

"Ine bukuli ndinaliwerenga ndili mtsikana, ndinalira masiku atatu. Dzulo ndatseka saluni msanga, ndachapa kampango kopukutira misozi, ndati lero ndilire bwinobwino. Ndafika pamene amafa paja, ndangoona munthu akumwa tiyi! Wadzipukuta, akumwa tiyi, akufunsa ngati kwatsala buledi!"

A Guluu anasuzumira pakhomo la kachipinda kawo, singano ili kukamwa.

"Pitirizani kuwerenga mayi, musataye mtima. Afa ndithu. Tsamba lotsatiralo kukubwera lole."

"Lole? M'nkhani ya anthu akale oyenda pa akavalo?"

"N'chifukwa chake sanaiyembekezere."

Mayiwo anatukwana mpaka pageti. Koma buku analitenganso, ndipo sabata yotsatira anabwera kudzafunsa ngati alipo ena okonzedwa ndi bambo ajawa, poti akuti mwamuna wawo, amene sanagwirepo buku chiyambire, anaseka mpaka kugwa pampando.

Zinafika povuta ndi aphunzitsi a kusekondale. Buku lina limene ana ankalembera mayeso linalipo limodzi lokha m'dera lonse, ndipo linali lathu. Ana makumi anayi ankabwerekana lomwelo. Tsiku lina aphunzitsi anatulukira ndi mapepala a mayeso m'khwapa, nkhope ili gwaa, n'kulunjika ku ofesi ya abwana athu. Pafunso lakuti mkazi wa mfumu anafa bwanji, ana onse makumi anayi analemba kuti anagundidwa ndi lole yonyamula simenti. Mmodzi anawonjezera kuti dalaivala anathawa.

Abwana athu ndi munthu wamfupi wokonda kumata zidziwitso pakhoma. Anaitanitsa a Guluu, ndipo ine ndinapeza chifukwa chokapukutira shelefu ya pafupi ndi chitseko.

"Bambo, bukuli analemba ndani?"

"Dzina lili pachikutopo, bwana."

"Nanga tsamba ili?"

"Ndinangomuthandiza. Ntchito yanga munandilembera ndi yokonza mabuku owonongeka. Ili linabwera lowonongeka kuchokera kwa mwini wake."

"Mwalepheretsa ana makumi anayi!"

"Koma palibe mmodzi mwa iwo amene adzaope mvula, bwana. Ndipo onse aziyang'ana mbali zonse powoloka msewu."

Aphunzitsi anayamba kutsokomola mwadala kuti abise kuseka, koma abwana anapsa mtima zenizeni. Analamula kuti palembedwe kalata ya chenjezo tsiku lomwelo. Tsoka ilo, makina a mu ofesi anali atafa, otsala anali a kuseri aja. A Guluu anapatsidwa kalata yolemba pamanja kuti akaitayipe okha. Anaitayipa, abwana anasaina osawerenga monga mwa chizolowezi chawo, ndipo mpaka lero m'fayilo ya a Guluu muli kalata yowathokoza chifukwa cha luso, khama ndi kukonda choonadi.

Sikuti a Guluu ankangomenya nkhondo ndi mapepala okha. Chaka chilichonse, tsiku limene mvula yamphamvu yagwa koyamba, ikakwana nthawi ya nkhomaliro ankavula nsapato, kupinda buluku, n'kukaima pakati pa bwalo la kutsogolo. Wotchi ankaikulunga m'pulasitiki n'kuigwira m'manja. Ankaima theka la ola lathunthu, madzi akuyenderera m'ndevu, anthu obisala pakhonde la sitolo ya patsidya pa msewu akuwakuwa.

"Madala, lowani m'nyumba, mudwala!"

"Mubwere mawa mudzandiike!"

Mawa lake ena ankabweradi, n'kuwapeza akusesa pakhomo la kachipinda kawo akuimba mluzu. Ine ndi amene ndinkavutika, chifukwa akachoka pabwalopo ankadutsa pakauntala panga akudontha, ndipo wokolopa ndinali ine. Ndinkawakalipira ngati mwana, iwo n'kumangoti, "Lembani, a Chidindo. Chaka chinanso, mvula yalephera."

Chaka china chimfine chinawagwira ndithu. Anabwera maso ali psuu, mphuno yatsekeka, mawu akutulukira m'khutu.

"A Guluu, mwatani?"

"Palibe."

"Chimenecho si chimfine?"

"Ndi fumbi la mabuku."

"Fumbi layamba lero, zaka zonsezi?"

Anayetsemula kanayi motsatizana, n'kupukuta misozi, n'kutsitsa mawu. "Chabwino, ndi chimfine. Koma chachokera kwa abwana. Anandiyetsemulira Lachiwiri pamene ankandikalipira. Ndili ndi mboni." Sabata yonseyo ankabisala kuseri kuti anthu a pakhonde aja asawaone, ndipo anandilumbiritsa kuti aliyense akafunsa ndiziti apita kukagula ulusi.

Ngakhale miyambi sinkapulumuka. Munthu akangonena kuti mvula ikakuona litsiro siikata, a Guluu ankadumphirapo. "Mwaona? Ngakhale makolo anati imakusambitsa. Sananene kuti imakupha."

Kuseka kwathu kunayamba kuchepa tsiku limene kunabwera adokotala. Anali mayi wachitsikana amene anali atangofika kumene pachipatala cha m'dera lathu, ndipo ankabwera Loweruka masana kudzabwereka mabuku. Nditangowauza a Guluu ntchito ya mayiyo, anasamba m'manja, chinthu chimene sindinachionepo, n'kumanga batani la pakhosi. Anamupeza atakhala patebulo la pafupi ndi windo, ine ndili pomwepo ndikusanja makadi.

"Adokotala, pepani ndikuvutitseni. Funso limodzi. Kodi mvula imadwalitsa?"

Adokotala anamwetulira. "Ayi bambo. Chimfine ndi chibayo zimabwera ndi tizilombo. Timapatsirana potsokomola, poyetsemula, pogwirana manja. Nthawi yozizira anthu amadwala kwambiri chifukwa amaunjikana m'nyumba, mawindo atatseka."

Mukanawaona a Guluu! Anaomba m'manja, anazungulira tebulo, anagwira mkono wa bambo wina amene ankangowerenga nyuzi yake. "Mwamva? Mwamva inu? A Chidindo, tengani cholembera! Adokotala, bwerezaninso pang'onopang'ono."

Akanangolekera pomwepo. Koma adokotala anali munthu woona mtima, wa maphunziro atsopano, ndipo sankadziwa kuti akulankhula ndi ndani.

"Komabe bambo, tisanamizane. Munthu akazizidwa kwambiri nthawi yaitali, thupi likhoza kufooka pang'ono. Ngati tizilombo tinalimo kale, nthawi zina timapezerapo mwayi."

Mayiyo ndinamuponda phazi pansi pa tebulo, koma madzi anali atatayika kale. A Guluu anaima chilili, manja adakali m'mwamba pamene ankaombera paja. Anawatsitsa pang'onopang'ono.

"Pang'ono bwanji, adokotala?"

"N'zovuta kunena, bambo. Zimatengera munthu."

"Tinene kuti munthu wayenda ola limodzi popita, ola limodzi pobwera. Mayi wochepa thupi. Wavala diresi lokha."

Apa adokotala anayang'ana ine, ndipo ndikuganiza kuti anazindikira. Anayamba kufotokoza kuti palibe amene angadziwe, kuti mwina matendawo akanabwerabe ngakhale kukanakhala dzuwa. A Guluu anathokoza mwaulemu kwambiri, anawerama, n'kubwerera kuseri. Ndinamuda mayi uja mwezi wathunthu, ngakhale kuti panalibe bodza limene ananena.

Makina sanalire kwa masabata atatu. Mabuku ankasokedwa, ankamatidwa, ankabwerera pashelefu monga anabwerera. Mulaibulale munali zii, mpaka owerenga amene ankadandaula za phokoso anayamba kufunsa ngati bambo aja akudwala.

Lachisanu lina masana, ana asukulu atadzaza pamzere, a Guluu anabwera pakauntala opanda buku m'manja. Anaima pambali n'kudikira, chinthu chimene sichinali chikhalidwe chawo. Kenako anati, motsitsa mawu:

"A Chidindo, inu mumaganiza bwanji? Ndikanamusiyira ambulera ija, bwenzi alipo?"

Zaka zonse zimene tinagwira ntchito limodzi anali asanamutchulepo mkazi wawo kwa ine. Ndinachita mantha, ndinene zoona. Mzere unali wautali, mwana wina ankalira kuti wataya khadi, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinayankha osawayang'ana n'komwe.

"Aa, a Guluu, zaka makumi atatu zonsezi? Zisiyeni zimenezo. Taonani anthuwa."

Anati, "Zoona, anthu achuluka," n'kupita.

Makina anayambanso kulira sabata yotsatira, ndipo ine ndinati basi zatha, munthu wabwerera mwakale. Anakhala nafe chaka china ndi theka. Ankaseka, ankakangana ndi alembi, lole inapha anthu ena asanu ndi mmodzi. Funso lija sanalibwerezenso, ndipo ine ndinkangoti ndidzawayankha bwino tsiku lina kukadzakhala kopanda anthu.

Anamwalira nthawi ya dzuwa loswa mtengo, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo. Mtima unangoima ali pampando wawo kunyumba, nsapato imodzi atavala, ina ili m'manja. Anthu pamaliro ankanong'onezana kuti madalawa achita dala kuti mvula isadzitame. Ndinaseka nawo, kenako ndinalira mpaka mayi wa saluni anachita kundigwira.

Abwana anandituma kuti ndikachotse katundu m'kachipinda kaja. M'dirowa ya pansi, kuseri kwa zitini za guluu wouma, ndinapezamo mulu wa masamba omangidwa ndi ulusi. Onse anali otayipa, opakidwa tiyi, odulidwa bwino msinkhu wa buku, ndi kamphepete komatira kali kale. Ena anali akale moti ankathetheka, ena atsopano. Ndinakhala pampando wawo n'kuwerenga lapamwamba.

"Atafika pokhotera msewu, mwamunayo anaima. Anabwerera, napeza mkazi wake akutseka chitseko, diresi la eni ake lili m'thumba. Anati, 'Tenga iwe, mabukuwa ndiwabisa m'malaya.' Mkaziyo anaseka nati, 'Nzeru zimenezi wazitola kuti m'mawa uno?' Anatsekula ambulera, napita. Mwamunayo anafika kuntchito atanyowa, mabuku awiri atawonongeka, ndipo abwana anamukalipira. Madzulo anapeza mkazi wake akusoka pafupi ndi windo."

Ndinawerenga lachiwiri, lachitatu, mpaka lomaliza. Mawu ankasintha apa ndi apo. Pena mkaziyo ankakana kaye, pena ankayenda onse awiri pansi pa ambulera imodzi akukankhana mapewa. Koma panalibe tsamba ngakhale limodzi lonena za tizilombo, kapena lonena kuti mvula siipha. Pa masamba onsewo mwamunayo ankabwerera. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti munthu amene anagonjetsa alembi onse a m'mashelefu athu, yekha sanadzikhulupirire ngakhale tsiku limodzi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti yankho ndinali nalo. Sindine dokotala, za tizilombo sindizidziwa, koma ndikanatha kuika chidindo pansi, kuwayang'ana m'maso, n'kunena kuti, "Simunawaphe, bambo. Munatenga ambulera, basi, monga amachitira munthu aliyense m'mawa wa mvula." Mwina sakanandikhulupirira. Koma akanamva munthu mmodzi wamoyo akunena zimenezo, osati iwo okha ndi makina awo. Ine ndinasankha mzere wa ana, ndipo anawo anakula kale, sakundikumbuka n'komwe.

Masambawo ndinayenda nawo m'mashelefu onse kufuna powamata, koma buku lake kulibe. Ndinawatengera kwathu.

M'kachipinda kaja tsopano akusungiramo mipando yothyoka. Sanalembenso munthu wina, akuti masiku ano buku likang'ambika n'kwabwino kungolitaya. Okonzedwa ndi a Guluu akutha limodzilimodzi, ena kubedwa, ena kuthetheka, ndipo amene akubwera m'malo mwake ndi oyera, onunkhira fakitale, mvula yake ikupha monga kale. Mulaibulale muli bata limene abwana ankalifuna zaka zonse zija, koma iwo omwe ndimawaona nthawi zina ataima pakhomo la kuseri, manja kumbuyo, osadziwa chimene abwerera. Mvula yoyamba ikagwa, anthu a pakhonde la sitolo amayang'anabe pabwalo pathu. Pansi pakauntala panga pamakhala pouma tsiku lonse, ndipo ndimadana napo. Ndawasowa bambo aja, ndawasowa kwambiri.

Mwezi watha kunabwera bokosi la mabuku atsopano. Masana ena kopanda anthu ndinatsekula limodzi, nkhani ya mtsikana wogulitsa nsalu, wamwano pang'ono, woti ndinamukonda kuyambira tsamba loyamba. Pa tsamba 61 anakangana ndi mayi ake, anamenyetsa chitseko, anatuluka osavala juzi, ndipo kunja kunayamba kudontha. Ndinakankha mpando, pakamwa nditatsekula kale kuti ndiitane kuseri.

Ndinalitseka, ndinalilemba m'dzina langa, ndipo lili m'chikwama changa mpaka lero. Abwana afunsa kawiri kuti ndibweza liti. Tsamba lotsatira sindinalione. Mtsikanayo adakali panja, wanyowa, akunjenjemera, koma sanayambe kutsokomola.